Macheza a ku Italy: ndani akugawa mpata wolankhula?

Aliyense amene analembapo sewero la pa wailesi, kapena kutsogolera kagulu kowerenga mabuku kuno ku Blantyre, amadziwa kuti kukambirana sikuyenda kokha. Pamakhala wogawa mpata, wodikira mpaka nthawi kutha, wosaitanidwa n'komwe, ndiponso mmodzi wogwira cholembera amene pamapeto pake amasankha zosunga ndi zotaya. Olemba a ku Italy akhala akulimbana ndi zimenezi kwa zaka zoposa 600, kuyambira m'mabuku, kudzafika m'mafilimu, mpaka m'timagulu ta amayi ta m'zaka za m'ma 1970. Wofuna kuwerenga ntchito zawo ayambe wayang'ana mmene anthu akhalira m'chipindamo ndi amene akuloza wolankhula. Zonena zawo zimamveka bwino mukadziwa kaye zimenezo.

Giovanni Boccaccio analemba Decameron mliri wa 1348 utangosesa anthu mumzinda wa Florence. Achinyamata khumi, akazi 7 ndi amuna atatu, akumana m'tchalitchi cha Santa Maria Novella n'kugwirizana zothawira kunja kwa mzinda. Ambiri amakumbukira nthano zake zokha, makamaka zolaula zija, koma luso lalikulu lili m'malamulo a machezawo. Tsiku lililonse mmodzi amavekedwa nkhata ya masamba kumutu kukhala mfumu kapena mfumukazi. Iyeyo ndiye amasankha mutu ndi kuloza wolankhula. Aliyense amanena nthano imodzi patsiku kwa masiku khumi, zonse pamodzi nthano 100. Lachisanu ndi Loweruka amapuma, n'chifukwa chake ulendowo ukutenga milungu iwiri. Pampinea, wamkulu mwa akaziwo, ndiye akukonza dongosololi, ndipo akukana masewera opikisana pa chifukwa chomveka: pa masewera wina amagonja n'kukwiya, oonerera osapindulapo kanthu, pamene pa nthano mmodzi akamalankhula onse amasangalala.

Boccaccio anasiya mipata yopumira. Tsiku loyamba ndi tsiku la 9 alibe mutu, aliyense amanena zomwe akufuna. Ndipo mnyamata wina, Dioneo, apempha kuti iye asamangidwe ndi mutu wa tsiku, n'kuvomera kuti azikhala womaliza kulankhula. Wosokoneza amapezeka m'gulu lililonse. Mukam'patsa malo ake odziwika, kumapeto, amaleka kudula anzake pakamwa chifukwa akudziwa kuti nthawi yake ikubwera. Koma onaninso zomwe zikuchitika m'tchalitchi muja asananyamuke. Awiri mwa akaziwo, Filomena ndi Elissa, akunena kuti akazi okhaokha sangayende bwino popanda mwamuna wowatsogolera, ndipo pomwepo amuna atatu aja atulukira. Amene waika mawu amenewo m'kamwa mwa atsikanawo ndi mwamuna wolemba bukulo.

Mu 1528 ku Venice kunasindikizidwa buku la Baldassare Castiglione, Il libro del Cortegiano. Macheza ake akuchitikira kunyumba yachifumu ya ku Urbino mu 1507, madzulo anayi. Mwini nyumba, Guidobaldo, ndi wodwala ndipo amakagona msanga, choncho alendo amasonkhana kwa mkazi wake, Elisabetta Gonzaga, amene amapereka udindo woyendetsa macheza kwa mnzake Emilia Pia. Amakhala mozungulira, mwamuna kenako mkazi, mpaka akazi atatha, poti amuna ndiwo ochuluka. Poyang'ana kakhalidweko mungati akazi ndiwo eni bwalo. Tengani pensulo muwerenge mizere. Madzulo achitatu nkhani yonse ndi ya akazi, koma otsutsana ndi amuna: Giuliano de' Medici akuwaikira kumbuyo, Gaspare Pallavicino akuwanyoza. Emilia amaloza wolankhula, amadula wotalikitsa, amaponya nthabwala yoluma, koma mfundo zazitali sizituluka m'kamwa mwake. Amene anakhalapo pa komiti ya sukulu kapena ya tchalitchi pomwe mayi ndiye wapampando, ntchito yake n'kungonena kuti "abambo uko, mpata ndi wanu", akuzindikira zimene zikuchitika ku Urbino.

Yankho linachokera ku Venice komweko. Modesta Pozzo, amene ankalemba ndi dzina la Moderata Fonte, anamaliza Il merito delle donne atangotsala pang'ono kumwalira pobereka mu 1592, ndipo bukulo linatuluka mu 1600. Anatenga dongosolo lomwe lija n'kusinthamo chinthu chimodzi: anachotsa amuna. Akazi 7 akumana m'munda wa maluwa wa Leonora, mkazi wamasiye wachitsikana, kwa masiku awiri. Muli okwatiwa kalekale, wongokwatiwa kumene, amasiye ndi osakwatiwa. Adriana, wamkulu pa onse, asankhidwa kukhala mfumukazi, n'kugawa anzakewo pawiri, atatu aimbe amuna mlandu, atatu awaikire kumbuyo. Kugawa kumeneku n'kofunika, chifukwa popanda otsutsa bukulo likanangokhala madandaulo a anthu ovomerezana. Amakambirana za chuma chimene ku Italy banja la mkazi linkapereka kwa mwamuna pa ukwati, za abale amene amadya chuma cha alongo awo, za amuna ansanje. Tsiku lachiwiri nkhani imayendayenda: zitsamba, mankhwala, nsomba, mbalame, nyenyezi. Owerenga ena amadumpha chigawo chimenechi. Ine ndimati asadumphe, chifukwa ndi momwe Fonte akuonetsera kuti akazi akasiyidwa okha sakamba za amuna zokha.

Galileo ndimutchula mwachidule, chifukwa cha olemba masewero. Buku lake la 1632 lofananitsa maganizo awiri a kayendedwe ka dziko ndi dzuwa lili ndi olankhula atatu: Salviati wa maganizo atsopano, Simplicio wa akale, ndi Sagredo, munthu wanzeru wosakhala katswiri, amene amafunsa zomwe wowerenga akanafunsa. Wachitatuyo ndiye amayendetsa nkhani. Anthu awiri okha akamatsutsana amangobwerezana. Cholakwika cha Galileo chinali kum'fooketsa kwambiri Simplicio, kenako n'kuika m'kamwa mwake, kumapeto kwa buku, mfundo imene Papa Urban VIII ankaikonda. Mu 1633 Galileo anaimbidwa mlandu. Panali zifukwa zinanso, koma chimenechi chinawonjezera moto.

M'nthawi ya ulamuliro wa Mussolini, Elio Vittorini analemba Conversazione in Sicilia, imene inatuluka ngati buku mu 1941. Silvestro akubwerera kwawo kukaona mayi ake patatha zaka 15, ndipo bukulo ndi macheza okhaokha ndi anthu okumana nawo panjira. Pa chombo chowolokera ku Sicily pali bambo wosauka wokhala ndi malalanje amene palibe akuwagula. Asenda limodzi, apatsa mkazi wake, mkaziyo akana osalankhula, bamboyo n'kulidya yekha mokwiya. Pokambirana ndi Silvestro amabwereza mawu omwewo kangapo, funso kubwerera ngati yankho, yankho kubwerera ngati funso. Dzina la boma silitchulidwa. Njirayi imagwira ntchito ngati mawu obwerezedwawo akulemera pang'ono ulendo uliwonse, chifukwa chakuti pakati papo womvera wadziwa kanthu katsopano. Ngati palibe chatsopano, kubwerezako kumangotalikitsa sewero, ndipo pa wailesi womvera amasintha siteshoni.

Pa mafilimu pali mfundo ya kapangidwe imene ambiri saidziwa. Mafilimu ambiri a ku Italy a pambuyo pa nkhondo yachiwiri, kwa zaka makumi angapo, ankajambulidwa popanda kusunga mawu a pamalopo. Mawu ankaikidwa pambuyo mu situdiyo. Boma la Mussolini linkafuna kuti mafilimu akunja azimveka m'Chitaliyana, choncho akatswiri oika mawu analipo ambiri. Nkhondo itatha situdiyo zazikulu za Cinecittà zinasanduka msasa wa othawa kwawo, ojambula n'kupita m'misewu momwe muli phokoso, ndi anthu osaphunzira zisudzo. Bambo wosewera mu Ladri di biciclette ya 1948, Lamberto Maggiorani, anali wogwira ntchito m'fakitale, ndipo mawu amene timamva si ake. Federico Fellini nthawi zina ankauza osewera kuti azingowerenga manambala, mawu enieni adzalembedwa pambuyo. Luchino Visconti anayesa njira ina mu La terra trema, ya 1948 yomweyo: asodzi enieni a ku Aci Trezza akulankhula chinenero chawo cha ku Sicily. Anthu a kumadera ena a Italy sanamve, ndipo filimuyo inadzafupikitsidwa n'kuikidwa mawu a Chitaliyana. Kwa ojambula mafilimu kuno, amene amavutika ndi phokoso la minibasi, zigayo ndi majenereta, njira yoika mawu pambuyo ndi yotheka, koma pali zofunika zitatu. Jambulanibe mawu a pamalopo, ngakhale oipa, kuti wosewera adzawamve pobwereza. Jambulani mphindi imodzi ya phokoso la malowo aliyense ali chete, loti mudzayale pansi pa mawu atsopanowo. Ndipo mtunda wa pakati pa kamwa ndi maikolofoni ufanane ndi mmene munthuyo akuonekera pa chithunzi. Mukaphonya chachitatuchi, munthu woima kutsidya kwa msewu amamveka ngati akukunong'onezani kukhutu.

Pier Paolo Pasolini mu 1963 anayenda dziko lonse la Italy ndi maikolofoni m'manja, kufunsa anthu za chikondi, kugonana ndi kutha kwa mabanja. Filimuyo ndi Comizi d'amore. Ankafunsa m'magulu, m'mphepete mwa nyanja, pa mabwalo, pa zipata za mafakitale, ndipo zotsatira zake zimaphunzitsa wofunsa aliyense. Munthu wofunsidwa pagulu amayankha gululo. Mtsikana amayamba wayang'ana amene amuzungulira, mnyamata amadzitama kuti anzake aseke, anthu ophunzira amazemba ndi mawu osalala.

Filimu ya Ettore Scola, Una giornata particolare ya 1977, ndiyo ndingauze wolemba masewero kuti aonere kawiri. Tsiku ndi 6 May 1938, Hitler ali ku Rome, ndipo anthu onse a m'nyumba zosanjikizana apita kukaonerera perete. Otsala ndi Antonietta, mayi wa ana 6, Gabriele, muulutsi wochotsedwa ntchito pa wailesi amene akudikira kutengedwa ndi apolisi chifukwa chokonda amuna anzake, ndi mayi woyang'anira nyumbazo amene watsegula wailesi mokweza. Mbalame ya Antonietta ithawa m'khola n'kukatera pafupi ndi zenera la Gabriele, ndipo ndi mmene awiriwo akumanirana. Mawu a muulutsi wa boma saleka filimu yonse. Awiriwo akamwa khofi, wailesi ikutamanda asilikali. Akakwera padenga kukaanula nsalu, n'kumapinda mmodzi mbali iyi wina mbali iyo mpaka manja kukumana, wailesi ikadali pomwepo. Scola sanafunike kulemba mzere woti awiriwa ndi otayidwa ndi dziko lawo. Wolankhula wachitatu uja, amene sangayankhidwe, akunena zimenezo m'malo mwake.

Amene anafunsa molunjika za wogwira cholembera ndi Carla Lonzi. Anali wounika ntchito za amisiri ojambula ndi osema, ndipo m'zaka za m'ma 1960 anayamba kuyenda ndi makina ojambulira mawu. Buku lake la 1969, Autoritratto, linachokera m'macheza ndi amisiri 14, mkazi mmodzi yekha pakati pawo, Carla Accardi. Lonzi analemba zonse zomwe zinali pa tepi, n'kuziduladula, n'kuzilumikiza ngati kuti onsewo anakhala pa tebulo limodzi, chikhalirecho ena sanakumane pa machezawo. Anasiyamo kudodoma ndi ziganizo zosamaliza. Mmodzi wa amisiriwo, Cy Twombly, sanayankhe mafunso ake, ndipo Lonzi anasiya mafunsowo m'buku ndi chete wake. Cholinga chinali kuchotsa wounika pampando woweruza, koma iye mwini anaona kuti amisiriwo ankasangalala kumvedwa popanda kum'funsa iye kanthu. Anasiya ntchitoyo. Mu July 1970, pamodzi ndi Accardi ndi Elvira Banotti, anatulutsa chikalata cha gulu lomenyera ufulu wa amayi la Rivolta Femminile, chimene chimatha ndi mawu oti iwo azilankhulana ndi akazi okha.

Njira imene timagulu ta amayi ngati limeneli tinkatsata inkatchedwa autocoscienza. Akazi ochepa ankakumana m'nyumba ya mmodzi wa iwo, popanda mwamuna, popanda katswiri, aliyense n'kumalankhula zimene zam'chitikira iye mwini. Kunena kuti "akazi amavutika" kunalibe ntchito. Wolankhula ankayenera kunena chomwe chinachitika m'nyumba mwake, kuchipatala, kuntchito. Lonzi anafika nayo patali njirayi. Mu 1980 anatulutsa Vai pure, macheza a masiku anayi ojambulidwa pa tepi pakati pa iye ndi Pietro Consagra, wosema ziboliboli amene anakhala naye zaka zambiri, akukambirana chifukwa chake sakumvana. Ndi buku lovuta kuwerenga chifukwa palibe amene akukonzedwa kuti aoneke bwino.

Timaguluti tinadzatopa, ndipo chifukwa chake n'chofunika kwa aliyense wofuna kuyesa. Patapita zaka zingapo nkhani zinayamba kubwerezedwa. Lamulo loti onse ndi ofanana linabisa zomwe aliyense ankaziona: ena amalankhula mosavuta, ena ali ndi sukulu, ena ndalama, ndipo atsogoleri analipo ngakhale kuti palibe ankawatchula. Mtsogoleri wosatchulidwa ndi wovuta kum'dzudzula. Amayi a Libreria delle donne, sitolo ya mabuku imene inatsegulidwa ku Milan mu 1975, mmodzi mwa iwo Luisa Muraro, anavomereza poyera kusiyanako. M'buku lawo la 1987, Non credere di avere dei diritti, anafotokoza njira yotchedwa affidamento, pomwe mkazi amasankha mkazi mnzake wodziwa zambiri kuti akhale wom'dalira ndi wom'lumikiza ku dziko. Ena anawadzudzula kuti abweretsanso akulu ndi ang'ono pakati pa akazi, ndipo ine ndimaona kuti kudzudzulako kuli ndi mfundo. Komabe kutchula kusiyana kumene kulipo kale kumapatsa wamng'ono mpata wokana.

M'buku lomwelo muli nkhani ya Emilia ndi Amalia, amene anakumana ku sukulu ya akuluakulu ku Milan. Sukuluzi zinachokera pa mgwirizano wa 1973 umene unapatsa ogwira ntchito m'mafakitale a zitsulo maola 150 olipidwa oti aphunzire, ndipo pambuyo pake amayi apakhomo analowa nawo. Emilia ankakonda kufotokoza za moyo wake mobwerezabwereza mpaka kutopetsa anzake, koma sankatha kuzilumikiza. Amalia, wodziwa kulemba, anam'lembera mbiri yakeyo. Emilia ankayenda nalo pepalalo m'chikwama, n'kumaliwerenga kawirikawiri. Katswiri wa filosofi Adriana Cavarero anatenga nkhaniyi m'buku lake la 1997 pofuna kuonetsa kuti munthu saiona yonse mbiri yake, amafuna wina woti am'fotokozere. Apa wogwira cholembera akubweza zimene wamva kwa mwini wake.

Tsono kwa ofuna kuyesa macheza otere, kaya ku Chilomoni, ku Bangwe kapena ku Namiwawa, nazi zimene ndingalangize. Anthu akhale pakati pa 6 ndi 10. Akachepera apo, awiri akajomba palibe gulu. Akapitirira, amanyazi sapeza mpata. Maola awiri akukwana. Mpando uzizungulira msonkhano uliwonse, ndipo wotsogolera ulendo wotsatira asankhe mutu musanabalalike kuti anthu akauganizire kunyumba. Kuzungulira koyamba aliyense alankhule mphindi zisanu osadulidwa, kutanthauza mphindi 40 kwa anthu 8, ndipo pa nthawiyi pasakhale wopereka malangizo. Apa ndi pomwe magulu ambiri amagwera. Mtsikana akangoyamba za banja lake, mayi wamkulu amati "mwananga, banja ndi kupirira", ndipo macheza asanduka chilangizo. Malangizo adikire kuzungulira kwachiwiri, ndipo aperekedwe kwa amene wawapempha. Musaphatikize machezawa ndi tsiku la banki mkhonde, chifukwa amene ali ndi ngongole salankhula momasuka pamaso pa msungichuma. Malo akhale osinthasintha. Mukamakumana nthawi zonse kwa mayi abusa kapena kwa eni nyumba za lendi, aliyense amalankhula ngati mlendo. Apongozi ndi mkamwana wawo, kapena bwana ndi wantchito wake, asakhale gulu limodzi. Ulemu wa "inu" ndi "amayi" usachotsedwe mokakamiza. Wamng'ono angoyamba ndiye kulankhula, akulu amalize, chifukwa wamkulu akayamba otsatira amangovomereza.

Mabuku a Boccaccio ndi Castiglione alipo aulere m'Chingerezi pa intaneti, pa webusaiti ya Project Gutenberg, ndipo la Fonte linamasuliridwa ndi Virginia Cox mu 1997. Masamba 15 kapena 20 pa msonkhano umodzi ndi okwanira.

Mukafuna kujambula mawu monga ankachitira Lonzi, pemphani chilolezo kwa aliyense payekha tsikulo lisanafike, chifukwa pagulu munthu amavomera ndi manyazi. Foni ikhale pa airplane mode, igone pa chitenje chopinda pakati pa tebulo kuti isatole kugunda kwa makapu, ndipo wolankhula aliyense asatalikire kuposa mita imodzi ndi theka. Nyengo ya mvula pewani nyumba ya malata yopanda siling'i, chifukwa mvula ikangoyamba mawu onse amamira. Fayilo ya MP3 yapakati imadya pafupifupi megabyte imodzi pa mphindi, choncho malo si vuto. Vuto ndi kulemba: ola limodzi la macheza limatenga maola anayi mpaka 6, ndipo ngati anthu amalankhulira pamodzi limaposa apo. Lembani mmene munthu walankhulira, ndi Chingerezi chake chosakaniza, ndi Chiyao kapena Chilomwe chimene chalowamo, ndi pamene wadodoma. Mukakonza ziganizo kuti zikhale za m'buku, onse amayamba kumveka ngati inuyo. Fayilo isatumizidwe pa gulu la WhatsApp, chifukwa mawu a munthu amadziwika ngakhale mutasintha dzina, ndipo ikatuluka simungaibweze. Mukamaliza kulemba, aliyense apatsidwe masamba a mawu ake okha, akawerenge kunyumba kwa mlungu umodzi. Ngati mwasuntha ndime, kuika yankho la wina pansi pa funso limene sanafunsidwe, muuzeni ndipo aone mmene zakhalira. Akanena kuti chotsani apa, chotsani, ngakhale itakhala ndime yokoma kuposa zonse, kenako fufutani fayiloyo pafoni ndi pa kompyuta gulu likuona.